M'mera Mpoyamba: Impwa Zoculuka Zimayambira pa Nazale ndi mu Nthaka Yamoyo

IMPWA ndi ndiwo imene sisowa wogula. Pa msika wa Soweto mu Lusaka, pa Kapata ku Chipata, ngakhale pa timisika ta m'mbali mwa mseu wa Great East, amai amaunjika timilu ta impwa zoyera ndi zobiriwira m'mawa, ndipo pofika madzulo timiluto tatha. Ena amaziphika ndi matimati ndi anyezi, ena amasakaniza ndi kapenta kapena nsomba youma. Kuwawa kwake kwa pang'ono ndiko kumatsitsa nsima. Ku malire ndi Malawi amazichula kuti zimphwa, koma cinthu cake ndi cimodzi.

Ngakhale msika ulipo, alimi ambiri a m'madimba sapindula nazo mokwanira. Dandaulo lao ndi lofanana kulikonse: mbande zambiri zimafa zikangookedwa, zotsalazo zimakhala milungu iwiri kapena itatu zitangoima osakula, ndipo kukabwera ng'amba maluwa amayoyoka. Akatswiri a ndiwo za mu Africa amati impwa zodalira mvula cabe zimapatsa matani 5 mpaka 8 pa hekita, pamene zothiriridwa ndi kusamalidwa zimafika matani 12 mpaka 20. Pa lima imodzi ndiye kuti mlimi wina akolola makilogalamu 1,250, mnzake 5,000, pamene onse awiri anatuluka thukuta lofanana.

Ambiri amaganiza kuti kusiyana kumeneku kuli m'thumba la fataleza. Fataleza ali ndi mbali yake, koma mbali yaikulu ya zokolola imakonzeka kapena kuonongeka m'milungu 6 yoyamba, pa nazale ndi pa tsiku looka. Akulu anati m'mera mpoyamba. Ndipo pa m'mera umenewu pali wothandiza wina amene alimi ambiri amamupha osadziwa.

Bwenzi losaoneka ndi maso

Amai amene amazula bowa m'nyengo ya dzinja adziwa kuti tente, amene ena amati ndelema, sapezeka m'munda wa cimanga. Amamera pansi pa miombo ndi misuku, ndipo mitengoyo ikadulidwa kuocha makala, bowayo amasowa. Cifukwa cake ndi cakuti bowa ameneyu amakhala wolumikizana ndi mizu ya mtengo. Mtengo umamudyetsa, iyenso amathandiza mtengo kupeza cakudya m'nthaka.

Mbeu za m'munda zilinso ndi bowa wao, koma wa mtundu wina. Ameneyu satulutsa cambulera coti munthu azule, ndipo saoneka popanda makina okuzira zinthu. Amalowa mkati mwa timizu ta cimanga, mapira, nshawa, nyemba, anyezi, matimati ndi impwa, ndipo kucokera m'menemo amatumiza tiulusi topyapyala kuposa tsitsi kupita m'dothi. Katswiri wa ku Germany, Albert Bernhard Frank, ndiye anacha ubale wa bowa ndi mizu dzina lakuti mycorrhiza mu 1885, kucokera ku mau a Cigiriki otanthauza bowa ndi muzu. Ife tingomuchula kuti bowa wa m'mizu. Mwa mitundu 10 ya zomera za pa dziko, pafupifupi 8 imakhala naye.

Nchito yake yaikulu ndi kufunafuna fosifolasi. Pa thumba la D Compound pali manambala 10-20-10. Nambala ya pakati, 20, ndiyo fosifolasi, cakudya cimene cimalimbitsa mizu ndi kuthandiza maluwa ndi zipatso. Vuto la fosifolasi ndi lakuti sayenda m'nthaka monga amayendera yuliya. Amakakamira ku dothi, maka-maka dothi lofiira ndi lowawasa, kotero kuti muzu umangotenga amene ali pafupi nao kwambiri, mamilimita owerengeka cabe. Ici ndico cifukwa cake mbeu kawiri-kawiri imatenga gawo limodzi lokha mwa magawo 4 kapena 5 a fosifolasi amene mwathira caka cimeneco. Tiulusi ta bowa timapitirira masentimita angapo kucokera pa muzu, timalowa m'timing'alu m'mene muzu sungalowe, ndi kubweretsa fosifolasi, zinki ndi zina ku mbeu. Mbeu imalipira ndi shuga wocokera m'masamba ake.

Pali phindu linanso. Tiulusi timeneti timamanga dothi kukhala timibulu, motero madzi amalowa bwino ndipo sathamanga pamwamba. Mbeu yokhala ndi bowa ameneyu imapirira ng'amba kuposa yopanda. Amene akumbukira cilala ca 2023 ndi 2024, cimene boma linalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, adziwa mtengo wa masiku ocepa amene mbeu ingapirire isanafote. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana pa matimati, tsabola ndi mabilinganya, amene ndi abale a impwa, waonetsa kuti mbande zimene zalandira bowa zikali pa nazale zimagwira msanga zikaokedwa, maka-maka m'nthaka yosowa fosifolasi.

Zimene zimamupha

Bowa ameneyu ali kale m'nthaka yathu yambiri, koma zizolowezi zina zimamucepetsa.

Coyamba ndi kugaula ndi kutembenuza dothi nthawi zonse. Khasu ndi pulao zimadula tiulusi, ndipo mbeu yatsopano imayamba popanda mthandizi. Iyi ndi imodzi mwa mphamvu za ulimi wa gamphani, umene bungwe la Conservation Farming Unit, lokhazikitsidwa mu 1996, linafalitsa m'dziko muno: mukumba pokhapo pobzala, kwina konse mukusiya.

Caciwiri ndi moto. Alimi ambiri amaocha udzu pa bedi la nazale kuti aphe matenda ndi mbeu za udzu. Motowo umaphadi zoipa za pamwamba, koma umaphanso bowa wabwino.

Cacitatu ndi kusiya munda uli mbee, wopanda comera ciriconse kwa miyezi yambiri. Bowa ameneyu sakula popanda muzu wamoyo womudyetsa.

Cacinai ndi cimene cimadabwitsa alimi a m'madimba. Repu, kabichi, chainizi, mpiru ndi bondwe sizisunga bowa wa m'mizu. Dimba limene lakhala ndi repu yekha-yekha nyengo yonse yozizira limatsala ndi bowa wocepa, ndipo m'menemo ndimo ambiri amaokamo impwa mu Seputembala.

Cacisanu ndi fataleza wapansi wopitirira muyeso. Mbeu ikapeza fosifolasi wambiri pafupi, imaleka kudyetsa bowa, ndipo ubale umatha. Cotsiriza ndi madzi oima m'munda nthawi yaitali, pamodzi ndi mankhwala ophera cuku othiridwa m'dothi. Mankhwalawo sasankha kuti uyu ndi mdani, uyu ndi bwenzi.

Kudzipangira mbeu ya bowa pakhomo

Mlimi angaculukitse yekha bowa ameneyu popanda kulipira ngwee. Cofunika ndi dothi, mbeu pang'ono ndi miyezi itatu.

Pezani malo amene sanalimidwe kwa zaka zambiri, pamene pali udzu ndi zitsamba zokula bwino, monga tsala lakale, m'malire a munda kapena pansi pa msangu. Palani zinyalala za pamwamba, ndipo kumbani dothi mpaka masentimita 20 kuya kwake pamodzi ndi timizu take. Tengani pang'ono-pang'ono pa malo 4 kapena 5 kuti mupeze mitundu yosiyana, ndipo kwirirani maenjewo. Musatenge dothi pamene panali fodya, matimati, tsabola kapena mbatatesi, cifukwa mungabweretse matenda pakhomo.

Sakanizani dothilo ndi mcenga, muyeso wofanana, ndi kuthira m'masaka akale kapena m'zidebe zoboola pansi. Bzalanimo cimanga kapena mapira pamodzi ndi nyemba kapena kayera, mothithikana kuposa m'munda, pakuti cimene mufuna ndi mizu, osati ngala. Anyezi nayenso ndi wabwino. Thirirani, koma musathire fataleza kapena mankhwala.

Pakapita miyezi itatu, dulani mbeuzo m'tsinde ndi kuleka kuthirira kwa masiku 10 mpaka 14. Bowa akaona kuti womudyetsa wafa, amapanga timbeu tambiri m'dothi. Khuthulani saka, duladulani mizu kukhala tizidutswa ta sentimita imodzi, ndi kusakaniza ndi dothi lomwelo. Iyi ndiyo mbeu yanu ya bowa. Isungeni youma, pa mthunzi, ndipo igwiritseni nchito caka cisanathe. Wofuna nazale ya mu Ogasiti abzale masaka ake mu Disembala kapena Januwale. Wofuna nazale ya mu Okutobala ayambe mu Julai, mothirira.

Iyi ndi nchito yoyenera gulu. Mphakati, gulu la amai kapena kopaletivu angakonze masaka 10 kuseri kwa nyumba imodzi ndi kugawana. Amene ali pafupi ndi Lusaka adziwa kuti Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezwiti anayambitsa mu 1974, yaphunzitsa alimi ambiri ulimi wa manyowa ndi kusamala zamoyo za m'nthaka.

Nazale: mbande iliyonse m'nyumba yake

Pali njira zitatu zobzalira impwa. Ena amafesa m'munda momwemo. Njira imeneyi imadya mbeu yambiri, ndipo popeza impwa imamera ndi kukula mocedwa poyamba, udzu umaipambana. Ena amawaza mbeu pa bedi ndi kudzazula mbande ndi manja. Iyi ndiyo njira yofala, ndiponso ndiyo imabweretsa imfa zambiri, cifukwa timizu timaduka, dothi limatsala pa bedi, ndipo bowa amene anayamba kugwira amatsala komweko. Njira yacitatu, imene tilimbikitsa, ndi kulera mbande iliyonse m'kathumba kake kuti isamuke ndi dothi lake.

Timatumba sitifuna ndalama. Mapepala a shuga ndi a mcere, mapaketi a sheki-sheki otsuka bwino, ngakhale masamba a nthoci opinda, zonse zimagwira nchito, malinga muboole pansi. Sakanizani magawo awiri a dothi labwino la pamwamba, gawo limodzi la mcenga ndi gawo limodzi la manyowa oola bwino. Pa zidebe 9 za msanganizo umenewu onjezani cidebe cimodzi ca mbeu ya bowa. Ikani njere ziwiri kapena zitatu m'kathumba, kuya kwa sentimita imodzi, ndipo zikamera siyani imodzi yamphamvu. Njere za impwa ndi zazing'ono, galamu imodzi imakhala ndi njere pafupifupi 300, motero musamwaze ngati mawere.

Amene sangathe timatumba afese pa bedi m'mizere yotalikirana masentimita 15, apatulire kuti mbande zitalikirane masentimita 5 kapena kuposa, ndipo awaze mbeu ya bowa m'kangalande asanaike njere. Ngati munaocha bedi, dikirani lizizire ndipo bwezeranimo bowa mwa njira yomweyi.

Phimbani ndi udzu wouma, ndi kuucotsa njere zikayamba kumera, patapita mlungu umodzi kapena iwiri. Mangani kamthunzi ka udzu pamwamba. Thirirani m'mawa, osati mpaka matope, cifukwa cinyontho copitirira cimaoletsa mbande m'tsinde. Mbande ndi yokonzeka ikakwana milungu 4 mpaka 6, ili ndi masamba 5 kapena 6, kutalika masentimita 15. Mlungu wotsiriza cotsani mthunzi ndi kucepetsa madzi kuti izolowere dzuwa. Mbande yokalamba pa nazale, yoonda ndi yaitali, sidzabala bwino ngakhale muidyetse motani.

Impwa imakonda kutentha. Mu Juni ndi Julai imakula mocedwa, ndipo m'madambo cisanu cimaiocha. Nazale ya mu Ogasiti imapatsa impwa m'nyengo imene ndiwo zimasowa, mvula isanakhazikike. Nazale ya mu Okutobala ndi ya kuoka ndi mvula yoyamba.

Kusankha malo ndi tsiku looka

Impwa, matimati, tsabola, mabilinganya, mbatatesi ndi fodya ndi banja limodzi, ndipo matenda ao ndi amodzi. Pamene panali imodzi mwa izi, papite zaka zosacepera zitatu musanaikepo impwa. Mukazula mbeu yofooka ndi kupeza mizu yotupa ngati mikanda, m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka todya mizu. Mbeu ikafota mwadzidzidzi masamba akali obiriwira, dulani tsinde ndi kuliviika m'tambula ya madzi oyera. Mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika, ndiwo matenda ofotetsa, ndipo alibe mankhwala. Zulani mbeuyo ndi kukaitaya kutali.

Malo abwino ndi pamene panali cimanga, nyemba, nshawa kapena anyezi, cifukwa izi zimasiya bowa wambiri. Ngati malo amene muli nao ndi okhawo munali repu, ikani dzanja limodzi la mbeu ya bowa m'dzenje lililonse.

Kumbani maenje m'malo mogaula dimba lonse. Talikitsani mita imodzi pakati pa mizere ndi masentimita 50 pakati pa maenje. Pa muyeso umenewu lima imodzi imalowa mbande 5,000, ndipo dimba la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali limalowa 400. Kuthithikitsa kumaoneka ngati kupindula, koma mitengo imalimbirana dzuwa, mphepo siipita, ndipo matenda a masamba amaculuka. Pamalo pamene madzi amaima m'dzinja, kwezani mabedi.

M'dzenje lililonse ikani manja awiri a manyowa oola bwino ndi kusakaniza ndi dothi. Manyowa aawisi amaocha mizu. Ngati muli ndi D Compound, magalamu 10 pa dzenje ndi muyeso wosapitirira, ndipo pa lima ya mbande 5,000 ndi thumba limodzi la makilogalamu 50. Muikeni m'mbali, asakhudze mizu. Kumene nthaka ndi yowawasa, funsani alangizi a zaulimi za laimu, pakuti laimu amamasula fosifolasi womangika.

Okani madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani nazale maola angapo musanayambe. Ng'ambani kathumba ka pulasitiki mosamala, ikani mbande ndi dothi lake lonse, kuya monga inaliri pa nazale, tsindirani pang'ono ndi kuthirira pomwepo. Ya pa bedi ifukuleni ndi kamtengo kapena supuni, isamuke ndi cibulu ca dothi. Musakutumule mizu, musaitsuke, ndipo musaisiye pa dzuwa.

Kusamala kufikira pa msika

Phimbirani pakati pa mizere ndi udzu wouma kapena mapesi, kusiya kampata kuzungulira tsinde cifukwa ca ciswe. Ciphimbo cimasunga cinyontho, cimaziziritsa dothi ndi kucepetsa udzu, motero khasu silidzafunika kawiri-kawiri. Udzu wa pafupi ndi tsinde zulani ndi manja. Thirirani mokwanira kawiri kapena katatu pa mlungu, koposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, maka-maka pamene maluwa ayamba.

Bowa wa m'mizu sapanga naitilojeni. Pakapita milungu itatu kapena inai mutaoka, thirani fataleza wapamwamba pang'ono kapena madzi a manyowa, ndi kubwerezanso mukayamba kuthyola. M'nyengo yotentha yang'anani pansi pa masamba cifukwa ca tiakangaude tofiira, amene amakonda fumbi ndi mbeu zaludzu.

Kuthyola kumayamba patapita miyezi iwiri kapena itatu mutaoka. Thyolani mlungu uliwonse, zipatso zisanayambe kufiira, ndipo dulani ndi kamphini kake kuti zisafote msanga pa msika. Cipatso cosiyidwa kupsa pa mtengo cimauza mtengo kuti nchito yatha, ndipo maluwa atsopano amacepa. Siyani kupsa zipatso za mitengo yocepa yabwino koposa, yopanda matenda, kuti mupezepo mbeu ya caka camawa. Mtengo wosamalidwa umapitiriza kubala kwa miyezi ingapo, ndipo ndalama ya sopo, cigayo ndi makope a ana imalowa mlungu ndi mlungu.

Yesani, muwerenge

Tinene poyera kuti bowa wa m'mizu si fataleza ndiponso si mankhwala. Sapanga fosifolasi, amangothandiza mbeu kupeza amene alimo kale ndi amene inu mwathira. M'dimba la nthaka yaconde kwambiri, kapena limene lalandira fataleza wambiri zaka ndi zaka, kusiyana kungakhale kocepa. Phindu lake limaonekera bwino m'nthaka yotopa, pa bedi loochedwa, ndi pamene panali repu ndi kabichi. Ngati wina akugulitsani paketi yolembedwa kuti muli bowa ameneyu, kapena wina wochedwa Trichoderma amene amateteza mbande ku matenda oola mizu, kumbukirani kuti ndi zinthu zamoyo. Onani tsiku lothera mphamvu, ndipo musagule paketi imene yakhala pa dzuwa.

Njira yabwino yodziwira zoona ndi kuyesa m'dimba lanu. Caka cino okani mizere iwiri monga mwa masiku onse, ndi mizere iwiri ya mbande za m'timatumba zokhala ndi bowa. Mbeu, madzi ndi manyowa zikhale zofanana. Lembani m'kope mbande zimene zafa, tsiku limene maluwa ayamba, ndi zidebe zimene mwathyola pa mzere uliwonse kufikira kumapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pokolola, tengani kopelo ku msonkhano wa gulu lanu ndi kwa alangizi a m'dera lanu, kuti anzanunso aone manambala.

Alimi anzathu, mtengo wa fataleza sitiulamula ife, ndipo mvula sitiiuza tsiku logwa. Koma kathumba ka mbande, kutalikirana kwa maenje ndi saka la dothi kuseri kwa nyumba zili m'manja mwathu. Nazale ikubwerayi, mbande isamuke ndi dothi lake.